Madzi a pa mjigo anatsala pang'ono kundiphera injini

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla Fielder, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayendako kale. Ndinaigula kuti izindinyamulira katundu wa geni kuchokera kumsika wa Mbare Musika kupita kwathu ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, ndipo kwa chaka chathunthu zomwe ndinkadziwa pa galimotoyi zinali kuthira petulo ndi kupopetsa matayala basi. Za madzi ndinkasiyira mnyamata wotsuka magalimoto. Iye ankangotsegula boneti n'kukhuthuliramo madzi a pa mjigo, ine n'kumuthokoza ndi mtima wonse.

Tsiku lomwe inandichititsa manyazi linali la mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinali pa mdipiti wa magalimoto mumsewu wa Simon Mazorodze, makombi (maminibasi) ndi mamushikashika (timatakisi topanda chilolezo) akulowererana uku ndi uku, ine ndikupita ku Highfield kukaona amalume. Fungo ndi lomwe linayamba kundipeza, lotsekemera ngati shuga wopserera. Nditaponya maso pa dashibodi ndinapeza kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kaja, komwe masiku onse kamakhala phee pakati pa C ndi H, katakwera mpaka kukhudza pofiira. Ndinakhotera pambali n'kuzimitsa injini. Nthunzi inali ikutuluka kale m'mphepete mwa boneti.

Anthu ofuna kuthandiza sasowa. Bambo wina anabwera atanyamula chigubu cha madzi, dzanja lake likulunjika kale pa chivindikiro cha rediyeta. Mwamwayi ndinali nditawaimbira kale amalume, ndipo mawu awo anamveka pa foni ngati ali pomwepo.

"Naphiri, wina aliyense asakhudze chivindikirocho. Wamva? Khala pansi pa mtengo, udikire ola lathunthu."

Amalume anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndipo anakalambira m'magalaji a ku Southerton. Pa mkono wawo wamanja pali chipsera chachikulu, khungu losalala lopanda cheya, ndipo kuyambira ndili mwana ndinkaganiza kuti anapsa ndi phala. Tsiku limenelo ndi pomwe anandiuza kuti ndi rediyeta ya lole. Madzi a m'kati mwa injini yotentha amakhala opanikizika, ndiye ukangotsegula chivindikiro amawira nthawi yomweyo n'kuthuvuka ngati kasupe, molunjika kumaso ndi m'manja. Anandiletsanso kuthira madzi ozizira pa injini yotentha, chifukwa chitsulo chikazizira modzidzimuka chimatha kupindika kapena kung'aluka.

Ola litatha tinathira madzi pang'onopang'ono, ndipo ndinayenda ulendo wotsalawo mwakachetechete, AC yozimitsa, hita yoyatsa mpaka mapeto ngakhale kunja kunali ng'anjo. Hita imatenga kutentha kwake ku madzi omwewo a mu injini, choncho ukaiyatsa imathandizako rediyeta. Ndinafika ku Highfield thukuta lili kamukamu, galimoto n'kugona komweko.

M'mawa mwake, tisanamwe ndi tiyi yemwe, amalume anandiitana panja. Anati ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, injini itagona usiku wonse, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Anakana kugwira chilichonse. Anakhala pa mpando wandalema n'kumaloza ndi ndodo yawo.

Choyamba anandionetsa kathanki ka pulasitiki koyera kali pafupi ndi rediyeta, kolumikizidwa ndi kapayipi kakang'ono ngati chala. M'mbali mwake muli mizere iwiri, wapamwamba wa FULL ndi wapansi wa LOW. Magalimoto ena amalemba MAX ndi MIN. Madzi amayenera kukhala pakati pa mizere iwiriyi injini ikakhala yozizira. Kanga kanali katada m'kati moti sindinkaona kalikonse, mpaka nditagunditsa tochi ya foni kumbuyo kwake n'kugwedeza galimoto pang'ono. Mpamene ndinaona timadzi tikuyendayenda pansi penipeni, kunsi kwa LOW.

Kathankika si kongokongoletsa. Injini ikatentha madzi amafufuma, otsala n'kuthawira m'menemo, ndipo ikazizira amayamwidwanso kubwerera mu rediyeta. Ndi chifukwa chake sudzaza mpaka pakamwa: amasowa kolowera n'kutayikira pansi. Koma amalume anandichenjeza kuti kathankika kamatha kunama. Chivindikiro chikatha mphamvu kapena kapayipi kaja kakabooka, madzi sabwereranso, ndiye kathanki kamaoneka kodzaza pamene rediyeta ili ndi ludzu.

Tsono tinapita pa rediyeta penipeni. Ndinayamba ndagwira payipi yaikulu ya pamwamba kuti nditsimikize kuti ndi yozizira. Kenako ndinaphimba chivindikiro ndi kansanza, n'kuchipotokola mpaka pomwe chimayamba kukakamira, kudikira kaye ngati pamveke kamphepo, n'kuchikanikiza pansi ndi kumaliza kupotokola. Madzi amafunika afike m'khosi mwa rediyeta. Anga anali pansi, ndipo mtundu wake unali wa madzi a mumtsinje mvula ikangogwa kumene. Nditalowetsa chala chinatuluka ndi matope ofiirira, onanda, okhala ndi timchenga.

"Limenelo ndi dzimbiri," anatero amalume. "Injini yakoyo ukuimwera tsiku ndi tsiku ngati thobwa."

Apa ndinayesa kudziteteza ndi zomwe ndinkamva kwa anzanga pamsika, zoti coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini ogula m'botolo aja, ndi wa kumayiko a chipale, kuno kwathu madzi okha ndi okwana. N'zoona kuti pabotolo amalemba antifreeze, ndipo n'zoonanso kuti ngakhale m'mawa wa mu Juni kapena Julayi, pomwe udzu umayera ndi chisanu m'madambo a Harare, injini siiundana. Koma kuletsa kuundana ndi ntchito imodzi chabe mwa ntchito zake. Muli mankhwala oteteza chitsulo ndi aluminiyamu ku dzimbiri, ndiponso amafewetsa zisindikizo za pampu ya madzi kuti zisathe msanga. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere wa m'nthaka. Aliyense amene anasuzumirapo m'ketulo yakale amadziwa zoyera zija zimamatirira pansi pake. Zomwezo zimamera m'timipata ta rediyeta, tomwe ndi topapatiza kwambiri, n'kutitseka kamodzikamodzi.

Palinso nkhani ya kuwira, ndipo iyi inandidabwitsa. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi a mumphika kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100 monga tinaphunzirira ku sukulu. Injini yabwinobwino imagwira ntchito cha m'ma 90 momwemo. Mpata wake ndi wochepa zedi. Chomwe chimapulumutsa ndi zinthu ziwiri. Coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amakweza mlingo wowirira ndi madigiri angapo, ndipo chivindikiro cha rediyeta chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka atapitirira madigiri 120. Pamwamba pa chivindikiro pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 pa magalimoto a ku Japan, ndipo pogula china umatsata nambala yomweyo. Changa nditachitembenuza, labala wake anali wong'alukang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Kanthu ka madola ochepa, koma ndi komwe kanandiimitsa pamsewu.

Tisanawononge ndalama, amalume anafuna adziwe kaye ngati kutentha kwa dzulo lake kunali kutapsereza gasiketi ya pamutu pa injini, yomwe imatchinga kuti madzi ndi oyilo zisasakanikirane. Anandiuza nditsegule chivindikiro chothirira oyilo n'kuyang'ana kunsi kwake. Kukakhala zoyera zonanda ngati chambiko, ndiye kuti madzi akulowa mu oyilo. Ndinasolola ndi kandodo koyezera oyilo komwe: anali wakuda bwinobwino, mlingo wake osakwera. Kenako tinaliza injini chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula, n'kumayang'ana ngati mukutuluka thovu losalekeza, ndiponso ngati ku eksozi kukutuluka utsi woyera wochuluka wonunkhira shuga. Panalibe. Amalume anangoti, "Makolo ako sanagone," n'kuitanitsa tiyi.

Kufufuza podontha kunatitengera nthawi. Ndinafinya mapayipi onse aakulu ndi dzanja. Payipi yabwino imakhala yolimba koma yovomera. Ikakhala gwa ngati mtengo kapena yofewa ngati nthochi yakupsa, yatha. Tinayang'ana polumikizira ponse, pomwe madzi odontha amasiya zoyera zouma, ndiponso kunsi kwa pampu ya madzi. Tinapeza kachitsulo komangira payipi ya pansi katakhwepa. Kuyambira pamenepo ndimayala katoni pansi pa injini usiku ndikakayika. Madzi oyera opanda fungo odontha cha kumbali ya wokwera pambuyo pogwiritsa ntchito AC si vuto, amenewo ndi mame chabe. Oopsa ndi a mtundu, oterera pakati pa zala.

Chinanso chomwe tinatulukira n'chakuti makaniko wina, ndisanaigule galimotoyi, anachotsamo thermostat. Ambiri amachita zimenezi poganiza kuti akuthandiza galimoto ya kudziko lotentha. Ine tsopano sindigwirizana nazo. Kachipangizoka kamatseka njira ya madzi mpaka injini itafunda, pa Toyota zambiri cha pa madigiri 82, ndipo popanda iko injini imachedwa kufunda m'mawa, imamwa petulo wambiri, pomwe vuto lenileni lomwe linkaitenthetsa lili chikhalire.

Masana tinalowa m'tauni kukagula zofunika cha ku Kaguvi Street, komwe masitolo a zipangizo za galimoto ali mbali zonse ziwiri za msewu. Apa mpofunika kuwerenga botolo osati kungoona mtundu. Pali coolant wosakaniza kale, yemwe umangothira momwe alili, ndi wina wosasungunula, yemwe umasakaniza wekha theka ndi theka. Ukathira wosasungunula yekhayekha sachotsa bwino kutentha, ndipo ukasungunulanso wosakaniza kale wangomufoola. Madzi osakanizira ndi aja timawatcha madzi a batire, osefedwa opanda mchere, osati asidi wa batire. Za mitundu, wa Toyota amakhala wofiira kapena wa pinki, wa Honda wa buluu, ndipo wobiriwira ali ponseponse, koma utoto ndi utoto. Chofunika ndi zomwe zalembedwa pabotolo ndi m'buku la galimoto, komanso kupewa kusakaniza mitundu yosiyana, chifukwa ina ikakumana imapanga phala lotseka rediyeta. Amalume anakana botolo lina lotchipa modabwitsa atalitembenuza n'kuona kuti chidindo cha pakamwa n'chodula kale.

Kutsuka kunali kosavuta kuposa momwe ndinkaopera. Pansi pa rediyeta pali kachitseko ka pulasitiki kopotokola ndi zala. Tinatchera beseni, n'kukhetsa matope onse aja, kuthira madzi oyera, kuliza injini mpaka itafunda, kuidikira izizire, n'kukhetsanso. Tinabwereza katatu madzi asanayambe kutuluka oyera, ndipo kudikirako ndi komwe kunadya tsiku. Kathanki kaja ndinakazula n'kukatsuka ndi timiyala ndi sopo mpaka mizere inayamba kuoneka.

Galu wa amalume atayandikira beseni, anam'thamangitsa ndi ndodo mwaukali womwe sindinauonepo. Coolant ali ndi ethylene glycol, yemwe amatsekemera pakamwa koma ndi poizoni woononga impso. Pang'ono chabe amapha galu kapena mphaka, ndipo mwana sangasiyanitse wobiriwira uja ndi chakumwa. Ine ndinali nditatenga kale botolo lopanda kanthu la chakumwa cha Mazoe kuti ndisungiremo wotsala. Anandilanda. Wotsalayo anabwerera m'botolo lake lenileni n'kukwezedwa pamwamba pa kabati, ndipo wakale uja tinamutsekera m'chigubu cholemba n'kukamusiya ku galaja.

Titabwezeramo thermostat, pothira coolant watsopano tinalowetsa malita pafupifupi 6, pang'onopang'ono, pogwiritsa ntchito fanulo. Kenako panatsala kutulutsa mpweya wobisala m'mapayipi, womwe ukasiyidwa umatenthetsa injini ngakhale madzi akuoneka odzaza. Tinaliza injini chivindikiro chili chotsegula, hita ili pa kutentha kwenikweni, ine ndikufinyafinya payipi ya pamwamba, manja kutali ndi fani, chifukwa fani ya magetsi imadzuka yokha mosachenjeza. Timathovu tinkatuluka apo ndi apo. Patapita mphindi zingapo madzi anatsika mwadzidzidzi, kusonyeza kuti thermostat yatsopano yatsegula, ndipo tinawonjezera. Fani itazungulira n'kusiya, tinazimitsa n'kutseka ndi chivindikiro chatsopano, kathanki n'kukadzaza kufika pa FULL. M'mawa mwake ndinapeza atatsikako pang'ono, monga ananenera amalume, ndipo ndinawonjezera kapu imodzi. Iwo anatenga cholembera chakuda n'kujambula kamzere pa kathanki pomwe madzi analekezera, pambali pake n'kulemba mwezi ndi chaka. Anati wamba wobiriwira amafuna kusintha pakatha zaka ziwiri, pomwe wa pinki amakhalitsa kuposa pamenepo, koma kuyang'ana ndi kwa sabata iliyonse. Ine ndinasankha Loweruka m'mawa, ndisananyamuke kupita kumsika.

Mu Disembala tinanyamuka ulendo wa kumudzi ku Malawi, amalume ali pampando wakutsogolo, kumbuyo kuli matumba ndi malita 2 a coolant wosakaniza kale. Tinadutsa Murewa ndi Mutoko kusanatenthe, n'kutsikira ku Nyamapanda, pamalire ndi Mozambique. Pamzere wa pachipata injini ndinkaizimitsa m'malo moisiya ikulira. Ku Tete, powoloka Zambezi, mphepo yolowa pa windo inali ngati yochokera mu uvuni, ndipo maso anga ankangobwerera pa kamuvi kaja, makamaka pokwera zitunda zopita ku Zobue. Sikanasunthe. Tinagona ku Mwanza kwa achibale, ndipo m'mamawa ndinatuluka ndi tochi ya foni n'kutsegula boneti. Madzi anali pa kamzere kakuda kaja. Amalume anasuzumira pa khonde atafunda bulangeti n'kufunsa ngati ndayang'ananso oyilo. Ndinali ndisanayang'ane.