Lachitatu, pa maikulosikopu

M'mawa wonse ndinali mu labu kuyang'ana mapapo a mluza wa mbewa wa masiku 13. Kanthu kake nkakang'ono ngati njere, koma utakathira mankhwala opatsa mtundu kamaoneka bwino zedi. Timachubu tamkati tinawala mobiriwira, kusonyeza puloteni ya SOX2, pomwe nsonga zonse zimene zikukulabe zinali psuu, kusonyeza puloteni ya SOX9. Malire ake anali oonekeratu, apa pobiriwira, apa pofiira.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti maselo onsewa ali ndi majini (malangizo achibadwa olembedwa mu DNA) ofanana ndendende. Kusiyana kwake kuli pa mapuloteni amenewa, omwe amakamatira pa DNA n'kulamula kuti jini iyi igwire ntchito, iyo ikhale duu. Selo lokhala ndi SOX2 lidzakhala la njira ya mpweya. La kunsonga, la SOX9, limangogawikana uku likutsatira puloteni ina yotchedwa FGF10 yochokera ku minofu yozungulira, ndipo mbadwa zake ndizo zimadzapanga timatumba ta mpweya.

Masana tinakambirana za puloteni inanso, NKX2-1, amene ena amamutchula TTF-1. Ameneyu amaoneka koyambirira kwenikweni. Mwa munthu, cha m'sabata yachinayi ya mimba, maselo ena a kachubu ka matumbo amayamba kumupanga, ndipo pamenepo mpomwe mapapo amaphukira. Mbewa zochotsedwa jini yake zimabadwa zopanda chithokomiro, mapapo ake ali timatumba chabe topanda nthambi. Ana amene jini imeneyi ili ndi vuto amatha kudwala mapapo, chithokomiro ndi ubongo pamodzi. Puloteni yomweyi imayatsanso majini a surfactant, timadzi tamafuta timene timateteza timatumba ta mpweya kuti tisamatirirane munthu akatulutsa mpweya.

Apa mnzanga wina wa kuchipatala cha ana anatikumbutsa chifukwa chake nkhaniyi si ya mbewa zokha. Mu 1959, Mary Ellen Avery ndi Jere Mead anaonetsa kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankamwalira ndi vuto la kupuma analibe surfactant wokwanira. Kenaka mu 1972, ku Auckland, Graham Liggins ndi Ross Howie anapeza kuti mayi akabayidwa mankhwala a steroid asanachire, mwana wobadwa msangayo amapuma bwinopo. Ineyo chinandifika pamtima n'chakuti mankhwalawo amadzera njira yomweyi: akalowa m'selo amagwirana ndi puloteni imene imapita ku DNA kukafulumizitsa majini okhwimitsa mapapo.

Pali anthu amene amati kafukufuku wa pa miluza ya mbewa n'kutaya ndalama. Sindigwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti mapapo a mbewa si a munthu. Mwa munthu, nsonga zija zimakhala ndi SOX2 ndi SOX9 pamodzi pa nthawi imene nthambi zikupangika, zomwe sizichitika mwa mbewa. Mawa ndiyamba ndi zithunzi za mapapo a munthu zimene ena anasindikiza kale, kuti ndiyerekezere ndi zangazi.