Lachitatu, tsiku losankha mbande za mpunga

Ntchito ya lero mu labu inali yosankha mbande. Zinachokera ku mitundu iwiri ya mpunga imene tinakwatitsa, wina wobereka kwambiri, wina wopirira ukamira m'madzi. Kuziyang'ana ndi maso, zonse ndi zobiriwira mofanana. Palibe angaloze kuti iyi yatengera kholo liti, pokhapokha atafufuza DNA yake.

M'mawa tinadula kansonga ka tsamba pa mbande iliyonse, tinasinja, tinathira mankhwala oswa maselo, kenako ethanol wozizira. Posakhalitsa DNA inayamba kuoneka m'kachubu, yoyera, yonanda ngati ulusi wonyowa. Pamenepa ine ndimaima kaye nthawi zonse. Kanthu kakang'ono kameneko kasunga malangizo onse a chomera, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C. A imagwirana ndi T, G imagwirana ndi C, ndiye chingwe chimodzi chimakhala pokopera chinzake. Kapangidwe kameneka anakafotokoza James Watson ndi Francis Crick mu 1953, atathandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin.

Masana inali PCR, njira yochulukitsa kachigawo ka DNA imene Kary Mullis anatulukira mu 1983. Makina amatenthetsa timachubu mpaka madigiri 95 kuti zingwe ziwiri za DNA zilekane, amaziziritsa, kenako pa madigiri 72 enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'maselo) yotchedwa Taq imakopera kachigawo kamene tikufuna. Akabwereza maulendo 30, kachigawo kamodzi kamasanduka pafupifupi biliyoni. Enzyme imeneyi sipsa chifukwa inatengedwa kwa bakiteriya wokhala mu akasupe otentha a ku Yellowstone, ku America.

Jini imene tikusaka, kutanthauza kachigawo ka DNA kopatsa chomera khalidwe linalake, ndi Sub1A. Mpunga wamba ukamira umathamangira kutalika kuti utulutse masamba pamwamba pa madzi, mphamvu zimatha, n'kufa. Wokhala ndi Sub1A umadekha, suwononga chakudya chake, ndipo ukhoza kukhala pansi pa madzi pafupifupi milungu iwiri, madziwo akaphwa n'kuyambiranso kukula. Asayansi analengeza za jini imeneyi mu 2006, ndipo mu 2009 dziko la India linavomereza mtundu wa Swarna-Sub1, umene anathandiza kupanga a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI.

Mnzanga wina amene wangoyamba kumene ntchito anandifunsa ngati izi ndi zimene anthu amazitcha GMO. Ayi ndithu. Sitikulowetsa jini ya chamoyo china, tikungokwatitsa mpunga ndi mpunga, DNA ikutithandiza kusankha ana msanga m'malo modikira kuti munda usefukire. Koma chimene chimandikhudza mtima ndi kumene jiniyo inachokera. Inapezeka mu mtundu wotchedwa FR13A, wochokera ku mpunga wakale wa alimi a kum'mawa kwa India, wosabereka kwenikweni. Alimiwo akanautaya chifukwa cha zokolola zochepa, ife mu labu tikanasaka chiyani? Makina athu amangopeza zimene wina anasunga.

Chakumadzulo tinathira zotuluka mu PCR pa gel, chinthu chonga phala lolimba chimene chimasefa tizidutswa ta DNA, n'kuyatsa magetsi. DNA imayenda kulowera ku mbali ya positive, tizidutswa tifupitifupi patsogolo, titalititali m'mbuyo. Pa kuwala kwa UV mizere inaoneka bwinobwino. Mbande zina zinali ndi mzere wa kholo lopirira, zina wa kholo lobereka, zina yonse iwiri. Ndalemba manambala a zimene zili ndi Sub1A. Mawa tiziwokera m'miphika, ndipo zikakhwima pang'ono tidzazimiza m'thanki ya madzi kuti tione ngati zidzachitedi zimene gel yanena.