Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: usiku umene mtima unasokonekera ku Delhi

Ndabweranso abale. Pepani ndinakusiyani m'malere masabata awiri, netiweki kumudzi kuno ndi yochita kukwera pachulu, komanso zinthu zina umayamba wapuma kaye usanazilembe. Zikomo nonse amene munayankha pa gawo lapitalo, makamaka inu mayi amene munati amuna anu akudikira opaleshoni ngati yanga yomweyi, gawo lino muwerenge mofatsa.

Tinalekezera paja nditatsitsimuka mu ICU, fupa la pachifuwa atalimanga ndi waya, mwendo wamanzere atang'amba kuchotsa mtsempha umene anakalumikiza kumtima, ma bypass atatu. Masiku awiri oyamba palibe chokamba, ululu basi ndi kutsokomola utakumbatira pilo. Tsiku lachitatu anandisamutsira ku wodi, ndinayenda mpaka pakhomo nkubwerera, mayi a ana anajambula kavidiyo nkuponya pa gulu la banja la WhatsApp, anthu kuyamika Mulungu mbweee.

Usiku wake womwewo ndi umene sindidzaiwala.

Ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, osati ndi ululu ayi, ululuwo ndinali nditauzolowera. Chinali chinthu china. M'chifuwa munali ngati mwalowa chambo chongovuulidwa kumene chikuphiriphitha pamchenga, kugunda kuwiri mofulumira, kenako zii, kenako kanayi motsatizana, kenako zii, ndipo nthawi ya ziiyo ndi imene imaopsa chifukwa umangodikira kuti kodi uyambiranso. Thukuta kamukamu, mpweya kuperewera, mutu waziii. Ndinayang'ana ka TV kaja kamene kamaonetsa kugunda kwa mtima, masana kamalemba 80 kapena 85, pano kakulemba 148, 131, 156, manambala osakhazikika, alamu ikulira. Mayi a ana anali atagona pa kampando kopinda kaja atafunda chitenje. Ndinafuna kuwadzutsa koma ndinayamba ndawayang'ana kaye, ndikuganiza kuti mayi awa Chingerezi chawo ndi cha Fomu 2, Chihindi sadziwa ngakhale moni, nanga maliro anga adzayenda nawo bwanji kuchoka kuno mpaka kudutsa ku Addis Ababa. Zoona ndi zimene ndinaganiza, osati ana, osati pemphero, koma bokosi mu ndege.

Anadzuka okha ndi alamu ija. “Bambo a ana, mwatani?” Ine mawu osatuluka, ndinangotenga dzanja lawo nkuliika pakhosi panga. Anamva okha, nkuthamanga opanda nsapato kukaitana asisitala.

Chimene chinandipsetsa mtima (kkkk mtima wake womwewo) nchoti asisitala sanathamange. Anabwera, kuyang'ana makina, kundimata timawaya ta ECG, kutenga magazi, kuyimbira dokotala, zonse mofatsa ngati akusankha nyemba. Ine mumtima ndimvekere anthu awa alakwitsa opaleshoni ndiye akubisa. Anandiika dripu ya amiodarone, mankhwala okhazikitsa kugunda kwa mtima, kenako ina ya potaziyamu ndi magineziyamu poti magazi anaonetsa kuti zatsika.

M'mawa dokotala wamkulu uja anandiuza kuti dzina lake ndi atrial fibrillation, iwo amangoti AF. Zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima zimasiya kufinya bwinobwino nkumangonjenjemera, ndiye zam'munsi zimalandira uthenga wosokonekera nkumagunda chigundegunde. Anati mwa anthu atatu kapena anayi ochitidwa bypass, mmodzi zimamuchitikira, kawirikawiri tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chifukwa mtima waugwiragwira, chikopa choukuta chatupa, michere ya m'magazi yasokonekera, ndipo ukakhala wachikulire mwayi wake umakula. Sikuti mitsempha yatsopano ija yatsekeka ayi. Ndinawafunsa kuti bwanji simunandiuze. Anaseka nkuti zinali pa pepala limene ndinasaina. Nzoona, mayi a ana anasunga kope lake, zilipo. Koma ndani amawerenga pepala mawa lake akukamutsegula chifuwa?

Apa ndiime kaye ndikambe za alamu anga aja, mukuwadziwa kuchokera gawo 6, aja ankati ndalama za puloti tisawononge pa munthu wokalamba kale. India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye pamene mayi a ana analemba pa gulu kuti tipempherereni zavuta, kumudzi kunali kusanakwane 12 koloko usiku, anthu ena ali maso. Pofika m'mawa alamu anali atayimbira kale achimwene kufunsa ngati manda akhale kwathu kapena kuchikamwini, nkuwonjeza kuti “tinanena ife”. Alamu, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Ndinakukhululukirani, koma voice note ija ndikadali nayo.

Mtima unabwerera m'malo patatha pafupifupi tsiku lathunthu, ndinamva ndekha ukukhazikika ngati ng'oma ya mganda yapeza woyimba wake. Tsiku lachisanu unayambiranso. Ulendo uno dripu sinathandize msanga, ndiye anandigoneka tulo kwa mphindi zochepa nkundiwomba ndi magetsi pachifuwa kuti uyambirenso bwino. Sindinamve kalikonse, ndinangodzuka khungu likuwawa ngati ndapsa ndi dzuwa, makina akulemba 76.

Ena munafunsa chifukwa chake tinakhalitsa ku India mpaka kusintha matikiti ndalama zili zosowa kale. Nkhani yake ndi imeneyi. Choopsa cha AF si kuphiriphitha kuja, koma kuti magazi akamadikha m'chipinda chonjenjemeracho amatha kuundana, kachibuluma nkuthawira ku ubongo, basi sitiroko. Ndiye anandiyambitsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo warfarin sungangomwa nkukwera ndege, amayeza magazi pafupipafupi mpaka INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3, komanso amiodarone uja amawonjezera mphamvu ya warfarin ndiye mlingo wake amachita kusakasaka. Tinakhala m'kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala, mayi a ana akuphika nsima ya ufa wa semolina poti wathu unali utatha.

Titafika kumudzi nkhondo inali ya ndiwo. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin, ndiye mayi a ana anamva ngati aletsa, anandimana bonongwe, chisoso ndi nkhwani mwezi wathunthu, INR nkukwera. Adokotala a ku Lilongwe ndi amene anatimasulira kuti idyani, koma muyezo wofanana tsiku lililonse, osati lero mbale yodzadza mawa osalawa.

Patatha miyezi itatu ECG inali bwino, warfarin anandisiyitsa, ndinatsala ndi aspirin, metoprolol ndi wa mafuta m'magazi uja. Zaka zadutsa osabweranso. Koma mpaka lero mayi a ana akadzuka usiku amandigwira pakhosi ndi zala ziwiri, amaona ngati ndili mtulo, ine ndimangokhala chete kuwasiya awerenge.

Gawo 10 ndikuuzani za puloti ija, ndi amene anaigula. Mudabwa.