Usiku umene ndinazimitsa moto umene kunalibe

Nditangoyamba ntchito ya IT pakampani ina, ndinkafunitsitsa kuti abwana aone kuti sanalembe munthu wamba. Ndiye ndinaika pulogalamu yotchedwa Zabbix kuti iziyang'anira maseva onse, makompyuta akuluakulu a kampaniyo: CPU, RAM, kutentha, ndiponso magetsi amene akudya. Kuti ndidziwe za magetsiwo, ndinailumikiza kudzera pa SNMP (njira imene zipangizo zimatumizira manambala azo pa netiweki) ku PDU, chipangizo chachitali chija chimene maseva amamwerapo magetsi mu rack, shelefu imene masevawo amakhalamo. Ndinamaliza Lachisanu madzulo, n'kutuluka mothimbwidzika, osayang'ana n'komwe manambala.

Cha m'ma 11 usiku foni inalira. Uthenga unati PDU ikukoka ma amp 94.

PDU yathuyo malire ake anali ma amp 16. Ndinachulukitsa 94 ndi mavolti 230, yankho n'kubwera mawati 21,620. Thukuta kamukamu. M'maganizo mwanga nthambo zinali zitayamba kale kusungunuka.

Ndinaimbira abwana. "Bwana, pepani kukudzutsani, koma ofesi ikupsa."

"Mwauona motowo?"

"Ndauona pagirafu, bwana."

Podikira kuti adzanditenge, ndinalowa pa VPN, njira yolowera mu netiweki ya ku ofesi uli kutali, n'kuyamba kuzimitsa maseva kudzera pa IPMI, njira yoyatsira ndi kuzimitsira seva uli kutali. Ndinazimitsa ya mafayilo, nambala inatsika kufika 78. Ya imelo, 61. Apa mtima unayamba kundiuza kuti ndine ngwazi. Ndinazimitsanso ya akaunti, osakumbuka kuti unali mwezi ukutha ndipo inali pakati powerengera malipiro a anthu onse, anga omwe. Kenako ndinakhudza ina imene dzina lake sindinaliwerenge bwino. Girafu inangoti njo, VPN n'kuduka. Inali seva imene Zabbix ndi VPN zinkakhalamo. Ndinadzitsekera kunja ndekha.

Tinafika abwana ali m'zovala zogonera, atanyamula chozimitsira moto cha m'galimoto mwawo. Anali ataitananso mkulu wina wa zamagetsi, munthu wosayankhulayankhula. Titatsegula chitseko, m'chipindamo munali zii, kamphepo kayaziyazi, madigiri 21. Utsi? Ngakhale fungo lake.

Mkuluyo anawerama, n'kuyang'ana kasikirini ka PDU. Kankasonyeza 2.3.

"Achimwene, mwati inali pa 94?"

"Eya."

"Buleka ya ma amp 16 ikanakhala chete mpaka 94? Ikanathothoka musanavale nsapato."

Anandiuza nditsegule MIB ya chipangizocho, fayilo imene imafotokoza tanthauzo la nambala iliyonse yotumizidwa pa SNMP. Zinalembedwa poyera: nambalayo imabwera yochulukitsidwa kakhumi, chifukwa SNMP situmiza manambala a madontho. Choncho 94 wanga uja anali 9.4, katundu wabwinobwino. Chimene chinkafunika n'kulemba 0.1 pa custom multiplier (polemba nambala yochulukitsira) mu Zabbix, ntchito yoti mwana akhoza kuigwira akusewera.

Abwana sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Anangoika chozimitsira motocho pansi pang'onopang'ono, n'kukhala pampando kundionerera ndikuyatsa maseva imodziimodzi. Ya akaunti inakana kudzuka bwino, database yake inatenga mpaka mbandakucha ikudzikonza. Malipiro anatuluka Lachiwiri.

Lolemba ndinapeza kapepala katamatidwa pakompyuta yanga: "Takulandirani a Pointi Wani." Mpaka lero dzina langa lenileni amalikumbukira ndi a ku HR okha. Ndipo ndikanena kuti ndifika pakatha mphindi 50, wina amafunsa ndithu ngati ndagawa kale ndi 10.