Haleluya wa Handel: tapeza chimene chimatitsitsa pa "King of Kings"

Lachitatu madzulo tinaimba Haleluya yense popanda kiyibodi, magetsi atathima, ndipo atayaka mnyamata wathu anagunda D kuti atiyese. Tinali pomwepo ndendende! Anzanga a makwaya, mukudziwa kuti chiyambire Okutobala takhala tikumaliza nyimboyi titatsika pafupifupi theka la noti, ndipo tsiku loimba kutchalitchi kwathu kuno ku Chitakale, Lamulungu loyandikira Khirisimasi, likuthamanga.

Aliyense ankaloza chala asopurano. Pa "King of Kings" paja iwo amagwira noti yaitali, kenaka n'kumakwera pang'onopang'ono: s, d', r', m', mpaka f'. Tikafika pa m' mawu ankayamba kulemera, pa f' n'kumveka ngati galimoto yodzaza nkhuni ikukwera mtunda wa ku Thyolo. Tinayesa zonse. Tinawagawa kuti asamapumire pamodzi. Tinawaimiritsa kumbuyo, kenaka pakati. Amayi ena a Mvano anabwera ndi madzi a jinja ndi mandimu. Ena anati titsitse kiyi pa kiyibodi ikhale C basi, koma abesi anakana chifukwa pansi ankangong'ung'udza osamveka, ndipo nanenso sindinafune. Handel analemba nyimboyi mu D, kiyi imene malipenga a nthawi yake ankalira bwino, ndipo kuwala kwake kumachokera pomwepo.

Ambiri mwa amayi athuwa amathyola tiyi ku esiteti, ndipo mvula ikayamba masamba amachuluka, amafika pa pulakatisi atatopa kale. Zinkandiwawa kuwaona akudzudzulidwa sabata ndi sabata, iwo n'kumangoti pepani aphunzitsi.

Vuto silinali kwa iwo ayi. Linali pa pepala. Makope athu a solofa ndi fotokope ya fotokope ya fotokope, anadutsa m'manja mwa makwaya angapo asanatipeze. Pamene asopurano agwira r' ndi m', mawu apansi akuimba "for ever and ever", pali fe ndi se (f ndi s okwezedwa theka la noti), chifukwa nyimbo imapatuka pang'ono kuchoka mu D isanabwererenso. Pa makope ena ka "e" kaja kanafufutika, moti pamzere umodzi womwewo ena ankaimba fe ena f, ena se ena s. Mgwirizano wonse wa mawu unkatuluka wosokonekera, ndipo msopurano wogwira noti yaitali pamwamba pa chisokonezo chotere amafunafuna pokhazikika, n'kutsetsereka pansi osadziwa. Tinazitulukira mphunzitsi wina wa sekondale amene amaimba tena atatsitsa nyimbo ya manoti a mizere pa IMSLP, webusaiti yosunga mapepala a nyimbo, tikuyerekeza kachigawo ndi kachigawo ndi solofa yathu pa benchi ya m'vesitile. Titakonza ndi cholembera chofiira, asopurano anakwera okha popanda wowauza chilichonse.

Ndiye inu amene muli ndi makope akale, yang'anani bwino malo amenewa musanakalipire munthu.

Pa nkhani ya mapepala, ndasiya kujambulitsa paliponse. Pali bambo wina ku Limbe amene makina ake amatulutsa timadontho ndi timizere ta solofa bwinobwino, ndipo amalola kuti uone tsamba loyamba asanapitirize. Ulendo wa minibasi ndi wodula, koma mu solofa kadontho kamodzi kakasowa ndiye kuti nthawi ya noti yasintha. Chaka chatha pa "And the Glory of the Lord" aaluto ankalowa mochedwa chifukwa cha kamzere kamodzi kosaoneka, ndipo iwo ndi amene amayambitsa nyimbo ija.

Wina anafunsa chifukwa chake tikuimba Haleluya pa Khirisimasi pamene imatseka gawo lachiwiri la Messiah (nyimbo yaikulu ya Handel), lonena za masautso ndi kuuka kwa Ambuye. N'zoona, mawu ake ndi a m'buku la Chivumbulutso, ndipo Messiah anaimbidwa koyamba ku Dublin mu Epulo 1742, nyengo ya Pasaka, Handel atailemba mu 1741. Koma mpingo wathu umaiyembekezera, ndipo abusa anapempha okha.

Chatsala ndi kachete kaja tisanafike pa Haleluya womaliza. Pali besi mmodzi, wa mawu okoma zedi, amene chimwemwe chimamupitirira n'kulowa yekha dzanja langa lisanatsike. Tikambirana Loweruka. Tayambanso kugwira "For unto us a child is born", ngakhale manoti othamanga a pa "born" atena akuwameza pakati. Mtima wanga ukufuna kuti chaka chamawa tiimbe makorasi onse a gawo loyamba, tipeze woliza lipenga ku Blantyre, ndipo ngati makwaya a ku Luchenza ndi ku Muloza angavomere, tidzaphatikizane tidzaimbe pamodzi.