Pontoon yanga ndi trolling motor: pomwe tafika patatha maulendo asanu ndi limodzi

Ndakhala zii masabata angapo chifukwa ndimafuna ndiyambe ndalowa m'madzi kokwanira ndisanayambe kulankhula ngati katswiri kkkk. Pano ndapita kasanu ndi kamodzi chiyambireni nkhani ya trolling motor, kamota kamagetsi kakutsogolo koyendetsera boti pang'onopang'ono powedza, nde ndilembeko zomwe ndaona, zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe.

Kwa amene mwangondipeza kumene, boti langa ndi pontoon ya mafiti 20, ija imaoneka ngati khonde loyandama, pansi pafulati pa matabwa, migolo iwiri yaitali ya aluminiyamu kunsi kwake, mpanda kuzungulira ndi kadenga kansalu ka mthunzi. Kukhalamo nde nkokoma, umawedza uli phee pampando ngati uli pabalaza, koma lili ndi mdani mmodzi, mphepo. Boti wamba mimba yake imalowa m'madzi nde madzi amaligwira, pomwe ili limangokhala pamwamba, ndipo mpanda uja ndi denga zimasanduka thanga. Kamphepo kongogwedeza masamba chabe, iwe wawerama ukuika nyambo ku mbedza, podzutsa mutu wapezeka uli kutali ndi pomwe nsomba zimadya. Anangula ndinali nawo awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, poti ndi mmodzi boti limangopita uku ndi uku ngati chitseko chopanda loko, koma kuponya ndi kukoka anangula awiri kakhumi patsiku msana unayamba kudandaula, kuphatikiza phokoso lake lija, phuvu! nsomba zonse balala.

Ulendo woyamba ndinabwereka mota ya alamu anga, ya mavolti 12, mphamvu yokankha mapaundi 55, shafti (ndodo yotsikira m'madzi yomwe kumapeto kwake kuli pulopela) ya mainchesi 36, zija zomanga kumbuyo kwa kaboti kakang'ono. Tinaimanga kutsogolo pa thabwa mongoyeserera. M'mawa madzi ali bata zinali bho heavy ayi ndinene kuti zinali zokoma kwabasi, boti lonseli kumayenda mwakachetechete osamva fungo la petulo, mpaka kumamva nsomba zikudumpha m'mabango. Cha m'ma 10 koloko mphepo inayamba, mphuno ya boti nkumakwera ndi kutsika, nde ikakwera pulopela kumatuluka m'madzi nkumameza mpweya, khwaaa khwaaa, phokoso loposa la nangula lija, boti osasuntha olo pang'ono. Alamu amvekere, "Alamu, kamotaka kanazolowera kukoka ine ndekha, inu mwakapatsa nyumba yathunthu." Zoona zake mphamvu inachepadi, koma chomwe chinatigwetsa kwenikweni ndi kufupika kwa shafti.

Nditabwerera ndinatenga tepi. Kuchokera pamwamba pa matabwa pomwe mota ikhale kufika pamadzi ndinapeza mainchesi 28. Opanga mamota amati uwonjezerepo mainchesi 20 kuti mbali ya mota yomwe ili ndi pulopela izikhala pansi pa madzi osachepera mainchesi 12, nde 48, ndipo ngati umawedza pamafunde uwonjezerenso pang'ono. Ine ndinangotenga ya 60. Shafti ikatalika umaikweza m'mwamba nkumanga kolala yake basi, ikafupika palibe chomwe ungachite, sungailumikize ngati paipi.

Za mphamvu pali kasamu kake kosavuta, mapaundi 2 a kukankha pa mapaundi 100 aliwonse a boti litanyamula zonse. Langa ndikaphatikiza injini yaikulu, mafuta, anthu atatu, mabatire ndi katundu limafika cha m'ma 3,000, kutanthauza 60. Koma samu imeneyi imawerenga kulemera kokha, siwerenga thanga lija. Mamota ambiri a mavolti 12 amathera pa 55, a mavolti 24 ambiri amafika 80, kuposa apo nthawi zambiri ndi a 36 ofuna mabatire atatu. Ndinasankha 80, yokhala ndi rimoti ndi GPS. Ndikudikira kuti ifike ndinkangowerenga za zinthuzi mpaka usiku, nkupeza kuti kamota koyamba kotere anakapanga ndi O.G. Schmidt ku Fargo, North Dakota, mu 1934, pogwiritsa ntchito sitata ya galimoto ya Ford Model A, ndipo kampani yopanga mamotawa ya Minn Kota inayambira pamenepo. Pontoon nayo akuti inayamba ndi mlimi wa ku Minnesota, Ambrose Weeres, koyambirira kwa zaka za m'ma 1950, atayika thabwa pamwamba pa migolo yachitsulo. Nde zandilimbitsa mtima kuti olo thabwa lathu la ulendo woyamba lija silinali lochititsa manyazi kwambiri, eni akewo anayambanso chimodzimodzi.

Kumanga kunanditengera Loweruka lonse, osati chifukwa cha mabawuti koma geti. Pontoon ili ndi geti pakati kutsogolo, ndipo mota ukaigoneka shafti ya mainchesi 60 ija imalowa mkati kudutsa pomwe pali geti pomwepo. Ndinayesa malo atatu ndisanaboole, kumaigoneka ndi kuidzutsa, kutsegula geti ndi kutseka, mpaka ndinaisunthira kumanzere pang'ono nkuipendeketsa kuti ikagona idutse m'mbali. Chofunika kuonetsetsa nchakuti ikatsika shafti isakhudze m'mphepete mwa matabwa, pakhale kampata ka zala ziwiri. Mabawuti ndinaika osachita dzimbiri, obooleza mpaka kunsi, ndi chitsulo chafulati cha aluminiyamu kunsiko, poti masikuluwu okha pa pulayiwudi mota ya 80 ikhoza kuwazula tsiku lina nkupita nayo pansi pa madzi. Ndinaikanso kabulaketi kochotsa msanga kuti ana akafuna kukasambira ndizingosolola mota yonse.

Mabatire awiri a deep cycle (opangidwira kutulutsa moto pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali), 100Ah lililonse (Ah ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga), ali pansi pa mpando wakutsogolo kuti mawaya asatalike. Waya ndi wonenepa wa 6 AWG, ndi breaker (swichi yodula moto ukachuluka) ya ma amp 60 pafupi ndi batire. Kulumikiza kwake, pulasi ya batire loyamba ku mainasi ya lachiwiri, mitu iwiri yotsalayo ndi yopita ku mota. Apa tinakanganako ndi alamu, iwo amati ndiye kuti tili ndi 200Ah, ine ayi, mukalumikiza chonchi mavolti ndi omwe amaphatikizana kukhala 24, ma Ah amakhala 100 omwewo. Sanakhutire mpaka lero koma mawaya ndinamanga ndine.

Ulendo wachiwiri panalibe nkhani, kunali kuphunzira rimoti basi, boti kumazungulira pamodzimodzi anthu a maboti ena kumatiyang'ana.

Wachitatu ndi womwe unandiphunzitsa chinthu chomwe sichinalembedwe m'kabuku kake. Pali malo ena pomwe pali mtengo womira, mamita asanu pansi, ndipo fish finder, kamakina koonera pansi pa madzi, imaonetsa nsomba zitaunjikana pamenepo nthawi zonse. Ndinafika pamwamba pake ndendende, kudina batani la nangula wa GPS, lomwe ena amalidziwa ndi dzina loti Spot-Lock ngakhale kampani iliyonse ili ndi dzina lake, nde kamota nkuyamba kudzitembenuza kokha, fwii pang'ono, kuima, kutembenuka, fwii. Ndinasangalala ngati mwana. Koma ndikupita kumbuyo komwe kuli mipando yowedzera, ndikuponya, mbedza ikugwera pamchenga, mtengo kulibe. GPS sinaname, mphuno ya boti inalidi pamtengo. Kungoti mota imagwira mphuno yokha, thupi lonse la mamita 6 mphepo imalikankhira komwe ikupita ngati mbendera pamlongoti, nde ine ndinali mamita 6 kutali ndi nsomba, ndipo mphepo ikasintha pang'ono mchira wa boti nkumasesa uku ndi uku.

Ndinakhala kaye pansi kuganiza. Kenaka ndinamasula, kuzungulira, kubwera kuchokera kumunsi kwa mphepo mphuno italoza komwe mphepo ikuchokera, kudutsa mtengo uja kutalika kwa boti limodzi, kenaka kudina. Boti linadziwongola lokha, kumbuyo nkukhala pamwamba pa mtengo penipeni. Nyambo isanafike ndi pansi pomwe ndodo inagwada. Mlamba wonenepa bwino, ndipo patangopita mphindi zochepa wachiwiri. Kuyambira tsiku limenelo ndisanadine kalikonse ndimayamba ndayang'ana kansalu komwe ndinamanga pa mpanda kuti ndidziwe mphepo ikuchokera kuti, malo oimika ndimawerengera kuchokera pamenepo.

Tizinthu tiwiri tomwe ndinazindikira tsiku lomwelo. Ndikapinda denga lansalu lija kamota kamapuma kwambiri, umachita kumva kuti kasiya kulimbana, nde pano ndimalolera dzuwa ndi chipewa mphepo ikakula. Chachiwiri, injini yaikulu ndinkaikweza m'mwamba ndikazimitsa, poganiza kuti ikukoka madzi pachabe, kumene kuli kulakwa, ukaisiya m'madzi italunjika imagwira ngati chiwongolero, mchira sutsetsereka kwambiri makamaka poyenda pang'onopang'ono.

Wachinayi nde manyazi aja. Ndinatengeka ndi kachetechete, mmalo moliza injini yaikulu posamuka malo ndinkangoika kamota pa 10, liwiro lake lomaliza, kudutsa madzi onse, kawiri konse, kulimbana ndi mphepo. Isanakwane 12 koloko mphamvu inayamba kufooka. Samu yake ndinaidziwa kale koma ndinainyozera, mota ya 80 ikakhala pa liwiro lomaliza imadya ma amp oposa 50, ndipo batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, nde pa 100Ah zanga zenizeni ndi 50, ola limodzi osakwana nkomwe. Pomwe pa 3 kapena 4 imadya pang'ono kwambiri moti umawedza tsiku lonse. Ndipo chopweteka nchoti pa 10 boti silithamanganso kwenikweni, munthu woyenda ndawala akhoza kukupitirira. Kunyumba nditayeza mabatire atapumako anali pansi pa 12 volts lililonse, pomwe lodzadza limaonetsa cha m'ma 12.7 ndipo la theka cha m'ma 12.2. Ndinawaika pa tchaja usiku womwewo, poti batire la asidi ukalisiya lopanda moto masiku angapo mapuleti a mkati mwake amagwira zoyerayera zouma ndipo silibwereranso mwakale. Pano lamulo ndi loti ulendo wautali ndi wa injini yaikulu, kamota ntchito yake imayamba tikatsala pang'ono kufika.

Wachisanu shafti inayamba kunjenjemera, kulira kwake kwasintha. Ndinaganiza udzu, kukweza, udzu palibe. Kugombe ndinazimitsa breaker kaye, izi musamaiwale chifukwa rimoti ili m'thumba ikhoza kudinika zala zili pa pulopela, kumasula nati, kusolola pulopela, nde kuseri kwake nayiloni ya mbedza itakulungana thii ngati chisa, ina itasungunuka nkuuma ngati pulasitiki. Sinali yanga ayi, mtundu wake wobiriwira sindinagulepo, ndi ya munthu wina amene anangoidula nkutaya m'madzi. Ndinaichotsa ndi kampeni pang'onopang'ono kuopa kucheka silo ya labala ili kuseri kwakeko, poti imeneyo ikangodyeka madzi amalowa mu mota ndipo nkhani imathera pomwepo. Kapini kopingasa komwe kamagwira pulopela kanali katapindika pang'ono, ndiye gwero la kunjenjemera kuja. Ndinasintha. Pano m'bokosi muli pulopela yapadera, mapini awiri, nati ndi sipanala yake, ndipo ndimatsegula kuseriko ulendo uliwonse ndikabwerako, mphindi zitatu zokha.

Kavuto kena kakang'ono, fish finder inkaonetsa mizeremizere kamota kakangoyaka. Waya wake ndinali nditaumanga pamodzi ndi mawaya a mota kuti zioneke zaukhondo. Nditawalekanitsa, wina mbali iyi wina mbali inayo, nkuonetsetsa kuti ikudya moto wa batire la injini osati la mota, mizere inatsala yochepa yoti sindikuiwerengera.

Dzulo unali wachisanu ndi chimodzi, ndipo kanali koyamba kuchita trolling yeniyeni, kukoka nyambo zapulasitiki kumbuyo boti likuyenda. Tinatsata m'mphepete mwa mabango pa liwiro la makilomita awiri ndi theka pa ola malinga ndi GPS, ndodo ziwiri m'makona akumbuyo, ndipo apa pontoon inaonetsa ubwino wake poti ndi yotakata, zingwe zimatalikirana zokha osakolana. Kulowera komwe mphepo ikuchokera kunali kosavuta, mphuno imamvera. Pobwerera mphepo ili kumsana nde zinavuta, boti limathamanga kuposa momwe ndikufunira olo mota ili pa 1, ndipo mchira umafuna kupitirira mutu, nyambo kumangoyandama pamwamba. Alamu anamanga chidebe ku chingwe nkuchiponya kumbuyo kuti chizikoka madzi, ndinawaseka koma liwiro linatsikadi, ndipo nsomba yaikulu ya tsikulo inagwira ndodo yawo pomwepo, nde ulendo wonse wobwerera ndimangomva za chidebe.

Zomwe zatsala, mabatire awiri aja ndi olemera, pafupifupi makilo 60 onse pamodzi, ndipo ndikuganizira za lithiamu, aja a LiFePO4, omwe kulemera kwake sikufika ndi theka komanso umatha kuwatsitsa kwambiri osawonongeka, kungoti afunika tchaja yogwirizana nawo, nde ndidikira awa atope kaye. Komanso chidebe chimodzi chimakokera boti mbali imodzi, kamota kumangokhalira kuwongola. Loweruka likubwerali ndimanga ziwiri, china ku mgolo wakumanja china wakumanzere, zingwe zofanana kutalika, tione ngati mchira ungakhazikike.