Bwana wolemba osamalira okalamba ku Britain, malamulo asintha

Kuyambira pa 22 July 2025, boma la Britain linatseka njira yobweretsera osamalira okalamba kuchokera kunja. Amene ali kale m'dzikomo angathe kusintha bwana, koma bwana watsopanoyo akhale ndi chiphaso cha sponsor (chilolezo cha boma cholembera antchito ochokera kunja), ndipo ku England akhale wolembetsedwa ku Care Quality Commission, bungwe loyang'anira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu.

Musanamuyambitse munthu ntchito, mupempheni share code (nambala yomwe amaitenga pa webusaiti ya boma), mutsimikize pa intaneti kuti ndi wololedwa kugwira ntchito, kenako musunge umboniwo wokhala ndi deti. Mukalemba wopanda chilolezo, chindapusa chimafika £45,000 pa munthu mmodzi, ndipo mukabwereza ndi £60,000.

Pomwe mabwana ambiri amagwa m'mbuna ndi pa ndalama. Kuyambira pa 31 December 2024, n'koletsedwa kumulipiritsa wantchito ndalama ya chiphaso chanu kapena ya Certificate of Sponsorship (kalata yomwe bwana amapereka kuti wantchito apeze viza), ngakhale pomudula pang'onopang'ono pa malipiro. Kumupatsa maola ochepa kuposa omwe munalemba pa kalatayo nakonso ndi mlandu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chiphaso cha bwana chikalandidwa, wovutika kwambiri ndi wantchito wosalakwa. Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, imamusiyira masiku 60 okha kuti apeze bwana wina, apo ayi alongedze.